Kadengu ka Amayi ndi Makoswe a ku Chelstone

Khalani pansi, ana inu, m'nyumbamo simulowa msanga. Anthu opopera mankhwala aja anena kuti tidikire panja mpaka fungo lithe, ndiye kaya mukufuna kaya simukufuna, lero muli ndi ine pansi pa mtengo wa mapeyala uno. Iwe Chanda, chotsa tizingwe tam'makututo. Dalitso, muchotse galu wakoyo pamiyendo panga, ine si sofa ya amayi ako. Koma ndiye zoona, nyumba yonse ya ku Kabulonga, ya geti yotseguka yokha, kuthamangitsidwa ndi mphemvu. Ife mphemvu tinkazipha ndi patapata, dzanja lina likuvundula ndiwo.

Ndipo ndaona zimene achita anyamata opoperawo. Mwala umene atsekereza nawo chitseko cha kukhitchini autenga pawindo la kuchipinda kwanga. Inalipo itatu, pawindopo patsala iwiri. Ayi, khala pansi Dalitso, usiye pomwepo, tiufuna posachedwa. Ndikudziwa kuti mumandiseka ndi miyala imeneyi, mumati ba mbuya mutu wayamba kuzungulira, akusamala miyala ngati maluwa. Sekani, ndinazolowera. Ngakhale dzina la ba mbuya ndinangolizolowera. Ndinayesetsa kuti muzinditchula agogo monga kwathu, mpaka ndinatopa.

Mwansa, sendera kuno ndi mwanayo, dzuwa lisamuwombe m'maso. Inu anyamata simukudziwa kuti m'mawa uno mchombo wa khanda la mlongo wanuyu wagwa, kachingwe kouma kaja kanali pamimba pake. Wabwera nako kuchipinda kwanga atakakulunga m'kapepala kofewa, n'kundiuza m'Chinyanja chanu chija: "Ba mbuya, nizasunga bwino, tikapeleke ku Malawi pa Khilisimasi. Ba mami banakamba kuti ndiye mwamene muchitila kwanu." Amafuna kundisangalatsa mwana wa eni. Ine ndinangotuluka, ndipo kuyambira m'mawa akuyenda mondizemba poganiza kuti wandilakwira. Sunandilakwire, Mwansa. Kungoti mawu akuti ndisunga tikapereke kwathu ndinawanenapo inenso, ndili msinkhu wakowu.

Kwathu ku Dedza, kuseri kwa nyumba ya amayi anga, kuli mtengo wa mkuyu. Patsinde pake ndi pamene pamakwiriridwa michombo ya mbumba yathu yonse. Wanga uli pamenepo, wa amayi uli pamenepo, ndi ya anthu ena amene maina awo tinaiwala. Akakwirira amaikapo mwala pamwamba. Ntchito imeneyi ndi ya akazi okhaokha, mwamuna saloledwa kuuona mchombowo, ngakhale bambo wake wa mwanayo. Amayi ankati mwana amene mchombo wake uli pamkuyupo angapite kutali bwanji, miyendo idzamubweza. Musandifunse ngati n'zoona. Ine ndine munthu wopemphera, ndaimba kwaya mpaka mano kutha, koma zimene anakuuza amayi ako uli woyembekezera sizichoka m'mutu.

Ndinachoka kwathu ndili ndi pakati pa amayi anu, a Chifundo. Agogo anu aamuna, a Nkhoma, anali atapeza ntchito ya ukalaliki kuno, ndipo anabwera kudzanditenga atavala jekete kunja kukutentha, kuti anthu adziwe kuti munthu wachokera ku Lusaka. Anauza amayi ndi malume kuti ndi zaka ziwiri basi, tikangopeza poyambira tibwerera. Amayi sanakangane nawo. M'mawa wa ulendowo anandiitanira kuseri kwa nyumba n'kundipatsa kadengu ka mlaza kokhala ndi chivundikiro, kongokwana m'manja awiri. Anati, "Ana ukaberekere komweko, koma michombo yawo usakaitaye m'dziko la eni. Ukasunge umu, udzabwere nayo. Malo ndiwasungira." Ndinavomera mosavuta, ngati andituma kuchigayo.

Inu galimoto ikangozima mphepo yake yozizira ija mumayamba kulira ngati mwaphikidwa. Mukanakwera basi imene tinakwera ife. Mipando yake inali yolimba, nkhuku pansi pa mpando, matumba a mtedza m'kanjira, ine mimba patsogolo kadengu pamiyendo. Kamba wathu anali mbatata yophika ndi chimanga chokazinga, ndi thobwa limene linasasa tisanafike n'komwe ku Chipata. M'mapiri a ku Luangwa basi inkakwera mobuula, anthu n'kumapemphera aliyense m'chinenero chake. Pamlatho a Nkhoma anandigulira nsomba youma kuti ndisiye kuyang'ana kumbuyo. Ndinaidya ndithu, njala inalipo, koma kumbuyo ndinkayang'anabe.

Tinafikira ku Kabwata, m'nyumba zosanja zija, ife pamwamba. Munthu wobadwira pabwalo losesa, kukakhala m'mwamba ngati nkhunda, madzi otsukira mbale osadziwa kowataya. Kumeneko ndi kumene ndinadziwira mphemvu zenizeni. Zathu za kumudzi n'zamanyazi, ukayatsa nyali zimathawa. Za ku Kabwata zinkangoima n'kumakuyang'ana, tinyanga tikugwedera. Zinkayenda m'mapaipi kuchoka nyumba ina kupita ina, moti ukapha zako lero, mawa zabwera za oyandikana nawo kudzapepesa maliro. Nsikidzi nazo zinabwera ndi matiresi amene tinagula kwa munthu wina wosamuka. Ndinkawatsitsira pansi Loweruka lililonse kukawathira madzi otentha, masitepe onse aja, ndipo amayi a pakhomo lina, bana Mulenga, ankandithandiza kuwakweza akauma.

Bana Mulenga amenewa ndiwo anandilera kuno. Anali Mbemba wamtali, wa mawu aakulu, ndipo ankanditchula kuti ba Malawi ngati dziko lonse ndine ndekha. Anandiphunzitsa kukwera basi ya m'tauni, kugula nsalu ku Kamwala osaberedwa, ndi kusintha kalankhulidwe pamsika kuti asandidziwe kuti ndine mlendo. Amayi anu atabadwa, ndiwo ankabwera kudzandisambitsira mwana. Mchombo utagwa anandiuza kuti titsike tikaukwirire kuseri kwa nyumba, pamene panali kamunda ka repu. Ndinakana. Ndinadula kansalu kofiira pa chitenje chimene ndinkaberekera mwanayo, ndinaukulunga, n'kuuika m'kadengu. Iwo anangopukusa mutu n'kunena kuti ba Malawi thupi lili kuno koma mtima unatsala pamalire.

Sananame. Zaka ziwiri zija zinatha, kunabadwa malume anu a Yamikani, ndinadula kansalu kobiriwira. Patapita nthawi kunabwera chitsirizira, mayi anu aang'ono a Lonjezo, kansalu kachikasu. Mwina mukufuna kundifunsa kuti bwanji sindinangokwera basi tsiku lina kukaisiya. A Nkhoma ankapita okha patchuthi, poti ulendo wa banja lonse unali wolemera, ndipo mwamuna sanganyamule michombo. Ine nthawi zonse ndinali woyembekezera, kapena woyamwitsa, kapena ana ali pasukulu. Komanso ndinkati ndivutikirenji ndi ulendo wa masiku ochepa pamene chaka chamawa tikupita konse? M'nyumba mwathu chaka chamawa chinali ngati mwana wachinayi, tinkachitchula tsiku lililonse.

Tinkakhala ngati anthu a pasiteji ya basi. A Nkhoma anakhometsa bokosi lalikulu lamatabwa, ndipo chilichonse chabwino chimene tagula chinkalowa mmenemo kuti n'cha kumudzi. Mbale zadothi za maluwa m'mphepete, mabulangete aubweya, ketulo yonyezimira, nsalu za amayi. Ife tinkadyera m'mbale zachitsulo zothothoka utoto. Kadengu kanga kanali pakona m'bokosimo, pansi pa mabulangete. Kuzizira kwa Juni kuno mukukudziwa, kumalowa m'mafupa, ndipo nthawi imeneyo kunali koposa kwa masiku ano. Ana ankapita kusukulu milomo itang'ambika, madzulo tonse titaunjikana pambaula, mabulangete atsopano ali m'bokosi akudikira kuzizira kwa ku Dedza. Mukuseka, Chanda? Seka ndithu, n'zoseketsa. Amayi ako ankagona atavala majuzi awiri.

Nyengo nayo inali ndi mwambo masiku amenewo. Ogasiti ankabwera ndi mphepo yake ya fumbi, zovala pachingwe n'kusanduka zofiira. Okutobala dzuwa linkaswa mtengo, phula la mumsewu kumata kunsapato. Kenako mvula inkafika pa nthawi yake, ndipo poti Lusaka anakhala pathanthwe madzi sankalowa pansi, ankangodzaza m'misewu, ana n'kubwera kusukulu nsapato zili m'manja. Lero mvula imabwera ikafuna, chaka china osabwera n'komwe, magetsi n'kumangozimazima, inu n'kumalira kuti mafoni atha moto. Ine chimene ndinkachita mvula ikayamba n'kuganiza kuti kwathu adzala, ndipo amayi akulima okha.

Titasamukira ku Chelstone tinapeza nyumba ya bwalo lake, ndipo ndinapuma. Oyandikana nafe ankadzala mango ndi mapeyala. Ife ayi. A Nkhoma ankati tidzalire ndani, zipatso zake adzadya ena. Tinkangodzala chimanga ndi maungu, zinthu zokolola chaka chomwecho. Koma nthawi imeneyo kuseri kwa nyumbazo kunali thengo ndi minda, ndiye anthu akangokolola, makoswe onse ankasamukira kwathu. Anali makoswe onenepa, opanda ulemu. Anadya ufa, anadya sopo, anadya nsapato ya Yamikani ya kusukulu, mpaka anaboola buku la nyimbo la a Nkhoma kuyambira pachikuto kukatulukira kumbuyo. Misampha ankaidumpha. Mankhwala ndinkaopa chifukwa cha ana. Ankathamanga m'siling'i masana dzuwa likuswa, ngati nyumbayo alipira ndi iwo.

Tsiku lina mvula itakata, Lonjezo anabwera kuchokera kusukulu diresi litatupa pamimba. Anali atatola kamphaka m'ngalande, konyowa, kotuwa, maso odzaza manthongo. Ine ndinati kabwerere komwe kachokera. Kwathu mphaka wotola sitimulowetsa m'nyumba mwachisawawa, sudziwa kuti ndi wa yani ndipo wabwera kudzatani. A Nkhoma nawo anakana, koma chifukwa chawo chinali chomwe chija, kuti tikupita kwathu, chiweto tidzachisiyira ndani. Ana atatu aja anagwirizana. Anakabisa m'katoni kuseri kwa thumba la makala, n'kumaba mkaka wa m'tiyi wa bambo awo. Tinadzazindikira kali kale ndi mphamvu, ndipo tsiku limene tinakatulukira kanali katagwira khoswe wamkulu kuposa mutu wake. A Nkhoma anayang'ana khosweyo, anayang'ana kamphakako, n'kunena kuti kakhale mpaka tsiku la ulendo.

Anamutcha Shani, poti m'mawa uliwonse ankabwera pakhomo la kuchipinda kudzalira ngati akupereka moni wa Chibemba uja wakuti muli shani. Sanali ngati galu wanuyu, wodya zam'sitolo, wosamba ndi sopo wonunkhira kuposa wanga, wopita kwa dokotala akangoyetsemula. Shani ankagwira ntchito. Pasanathe nyengo imodzi m'siling'i munati zii. Ufa ndinkausiya osavundikira. Ankakonda kugona pamwamba pa bokosi lija, ndipo ine amene ndinkamukana ndinayamba kumupatulira mitu ya kapenta. Koma mwini wake anali Lonjezo. Ankamudikira pageti pobwera kusukulu, ndipo mwanayo akadwala malungo mphakayo sankachoka kumiyendo kwake. Anakula limodzi kwa zaka zingapo.

Kenako chaka chamawa chija chinafika. A Nkhoma anabwera kuchokera kuntchito n'kunena kuti awauza akuluakulu awo kuti akusiya, dzinja lisanayambe tikhala tili ku Dedza. Ndinavina m'khitchini, ine ndemwe. Tinatumiza uthenga kwa amayi. Tinayamba kumanga katundu, nyumba yonse makatoni okhaokha. Bokosi lija a Nkhoma anati alikhomerere misomali lipite ndi lole, ndiye ndinatulutsamo kadengu kanga. Sindikanalola kuti kayende palole, kanayenera kubwerera mmene kanabwerera, pamiyendo panga. Koma ndikaika pati? Bambo ndi Yamikani ankatsegula paliponse, kusuntha chilichonse, ndipo mwamuna sayenera kuona zam'katimo. Ndinakwera pampando, ndinakankha kachitseko ka siling'i ka m'kanjira, n'kukaika mmenemo. Anali malo abwino, ouma, opanda phokoso, ndipo munali mutakhala chete zaka zonsezo.

Panatsala nkhani ya Shani. Mphaka sangakwere basi mpaka kudutsa pamalire, zimenezo aliyense ankadziwa. Banja lina la kutchalitchi kwathu, lokhala ku Makeni, linati limutenga poti nalonso makoswe analisautsa. Anabwera ndi thumba la saka. Lonjezo sanakuwe, mwana ameneyu sankakuwa. Anangomugwira mphakayo mpaka bambo ake anachita kumumasula zala chimodzichimodzi. Ine ndinamuuza kuti ku Dedza kuli amphaka ambiri, akasankha yekha. Anandiyankha kuti ku Dedza sakudziwako aliyense. Masiku angapo chakudya ankangochitosatosa.

Ulendo uja sunachitike. Kuntchito anapempha a Nkhoma kuti adikire pang'ono aphunzitse wolowa m'malo mwawo. Wolowa m'maloyo anachedwa kupezeka. Mvula inayamba, lole inati msewu wa kumudzi sungapitike. Kenako anawakweza pantchito, ndipo anati n'kupusa kusiya tsopano, komanso Chifundo ali pafupi kulemba mayeso, tidikire amalize. Tinamasula makatoni a mapoto ndi zovala, ena onse anakhala chimangire. Kadengu ndinakasiya komweko, poti m'mutu mwanga ulendo unali wa mwezi wamawa. Anthu atakolola m'minda muja ndinayamba kumvanso mapazi m'siling'i. Ndinatukwana, ndinavundikira ufa, ndinabisa sopo ndi nsapato za ana. Ndinateteza chilichonse cha pansi. Za m'mwamba sizinandibwerere m'mutu, kaya nzeru zanga zinali kuti.

Linali tsiku lochapa, m'mawa, ana ali kusukulu. Ndikusesa m'kanjira ndinaona kaulusi kachikasu kakulendewera pakachitseko ka siling'i. Tsache linagwa lokha. Ndinakwera pampando, ndinapapasa, ndinakatsitsa. Chivundikiro chinali chitadyedwa mbali imodzi. Tinsalu titatu tija anali atatinyenyanyenya n'kutisakaniza, chofiira, chobiriwira, chachikasu, n'kupanga chisa. M'chisamo munali tiana ta khoswe, tofiira, topanda ubweya, maso osatsegula, tikuyendayenda. Ndinakhuthulira zonse pansi, ndinapeta ulusi uliwonse ndi zala, ndinakweranso ndi nyali kukafufuza m'makona monse. Michombo munalibe, ngakhale kachidutswa.

Ndinakhala pansi m'kanjiramo mpaka ana anandipeza pomwepo. Sindinawauze, ndinati mutu ukundipweteka. A Nkhoma ndinawauza madzulo ake titatsala awiri. Anali munthu wabwino agogo anu, koma pakamwa pawo nthawi zina pankatsogola. Anati, "Amake Chifundo, si tizikopa touma chabe timeneti?" Ndinawayang'ana mpaka anazyolika. Loweruka lake anadzuka m'mawa, anakwera basi kupita ku Makeni kukatenga Shani. Anabwerako chimanjamanja. Eni nyumba anati mphakayo anangokhala masiku ochepa, kenako anasowa. Lonjezo atamva anati ndiye kuti ali m'njira, akubwera wapansi, adutsa m'tauni afika. Nyengo yonse yachisanu imeneyo ankati akaweruka kusukulu n'kukakhala pageti ndi kambale ka kapenta. Shani sanafike.

Amayi sindinawatumizire uthenga wa zimenezi. Ndinkati nkhani yotere njofunika kukainena pamaso, ndikapita ndikawauza. Chaka chotsatira kunabwera uthenga woti amwalira. Ndinakwera basi ija tsopano, ulendo umene unandikanika zaka zonse zija unatheka tsiku limodzi. Titaika maliro, mayi anga aang'ono, mng'ono wawo wa amayi, anandigwira dzanja kupita nane kuseri kwa nyumba. Pamkuyu paja panali posesa bwino. Miyala yakale inali m'malo mwake, yomera ndere. Koma pamwamba pa muzu waukulu panali miyala ina itatu, yoyera, yosakwirira kanthu. Anandiuza kuti uthenga ukafika woti ndabereka, amayi ankatsikira kumtsinje kukasankha mwala n'kudzauika pamenepo, ndipo ankasesapo m'mawa uliwonse mpaka sabata imene anagona. Kenako anandifunsa motsitsa mawu, "Wabwera nayo?"

Ndinawauza zonse, za siling'i, za mphaka, za makoswe. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, ndipo mwina zikanandipepukira. Koma iwo sanatero. Anangowerama, anatola miyala itatu ija, anaipukuta ndi nsonga ya chitenje chawo n'kundiika m'manja. Anati, "Tenga. Pano palibenso chimene ikudikira." Ndinabwera nayo m'chikwama. Pamalire wapolisi wina anaitulutsa, anaigogoda, anaiyang'ana kudzuwa poganiza kuti ndi miyala ya mtengo wapatali, kenako anandibwezera akundiyang'ana monga mmene mumandiyang'anira inu.

Kuchokera pamenepo chaka chamawa sichinatchulidwenso m'nyumba mwathu. Palibe ananena kuti sitipitanso, tinangosiya kunena. A Nkhoma anagula nyumba ku Woodlands, bokosi lija tinasamuka nalo lili chikhomere, linakakhala m'galaja. Tinadzalitsegula pamaliro awo, mbale zitaperewera. Mabulangete anali atadyedwa ndi njenjete, ukanyamula n'kumayoyoka. Mbale za maluwa zija zinali bwinobwino, ndipo anthu obwera kudzalira anadyeramo n'kumaziyamikira. Mwini wake amene anazigula sanadyeremo ngakhale kamodzi. Anagona kuno, m'manda a kuno, pakati pa anthu amene ankati ndi alendo kwa iye.

Ana anga mukuwadziwa kumene ali. Amayi anu anakwatiwa ndi Mbemba, ndipo sindidandaula, bambo anu amandisunga bwino. A Yamikani ali ku Kitwe, Chichewa chawo chimamveka ngati akutafuna chimanga chokazinga. Ku Dedza onse awiri anapitako kamodzi, anajambula zithunzi, anadandaula za chimbudzi, n'kubwerako. Lonjezo ndiye anapitiratu kutsidya kwa nyanja, kudziko lozizira kuja, ndipo mumaona nokha pafoni amphaka amene wadzaza m'nyumba mwake. Ndikamufunsa kuti ubwera liti kwanu, amaseka n'kunena kuti, "Mami, kwathu ni kuti?" Amanena mocheza, koma ine ndikatseka foni sindigona tulo tabwino. Sindinena kuti ndi chifukwa cha makoswe, abusa angandidzudzule. Ndimangodziwa kuti funso limenelo ndilibe yankho lake.

Makoswe ndinawakhululukira kalekale, anali ndi ana awo ofuna pogona. Chimene chimandiwawa, ana inu, ndi kamunda ka repu ka ku Kabwata kaja. Ndikanamvera bana Mulenga, lero ndikanakukwezani galimoto n'kukakulozerani kuti amayi anu ali apa. Ku Chelstone ndikanakumba pakona pa bwalo n'kudzalapo mango. Tsiku lina tinadutsako ndi bambo anu, mitengo ya oyandikana nafe aja yakula mpaka kuphimba madenga, pabwalo pathu paja pali mbee, palibe chosonyeza kuti tinakhalapo, kuti panakulira ana atatu ndi mphaka. Ndinakana kukwirira kuno chifukwa ndi dziko la eni, kwathu sindinafikitse. Ndinakhala mlendo moyo wonse m'tauni imene inandikalambitsa, ndipo zimenezi zimandimvetsa chisoni kwambiri.

Ndiye Mwansa, Khirisimasi imeneyo ine sindikuidikira, ndipo iwenso usaidikire. Mudzati mwana akadali wamng'ono, kenako mudzati tchuthi sichinapezeke, kenako kadzabadwa kena. Ndikuzidziwa. Nyumba ino ndi ya amayi ako, mtengo uwu anadzala okha iwe uli kumsana, mbumba yawo ndi ino yakhala pansi apayi. Kapepala kaja kali kuti? Uli nako m'thumba la diresi, eti? Wachita bwino.

Inu anyamata nkhani yanu yathera pano, zotsalazi si za amuna. Dalitso, pita ukatenge khasu m'galaja, usandiuze kuti sukulidziwa, ndi chija chokhala ndi mpini. Chanda, katenge mwala uja pachitseko, chitsekocho utsekereze ndi nsapato yako. Mukabweretsa mutenge galu wanuyu muzungulire kumaso kwa nyumba, ndipo musasuzumire. Iwe Mwansa ndipatse mwanayo ndimunyamule, ukumbe wekha, apa pakati pa mizu iwiriyi. Ukumbe mozama, galuyu ndi wofukula. Mwalawo ndiikapo ndine. Ndi umene amayi anasankha poyamba, wa agogo ake a mwanayu, ndimaudziwa ndi kamzere koyera kali pambali. Wadikira mokwanira. Iwiri inayo ikhale pawindo pomwepo, ndipo wina asadzaigwirenso, alongo akowa nawonso adzabereka.